Ulendo wa ku Chipatala cha Boma: Kuyambira pa Geti Kukafika pa Bedi

Chipatala cha boma cha kwathu chili ndi midzi iwiri mkati mwa mpanda umodzi. Mudzi woyamba ndi umene aliyense amaudziwa: mawodi a denga la malata, makonde aatali olumikiza nyumba ina ndi inzake, fungo la mankhwala okolopera, ndi anamwino oyenda mofulumira. Mudzi wachiwiri uli kuseri, kumene utsi umafuka m'mawa ndi madzulo. Kumeneko kumakhala magadiyani, abale amene asiya minda ndi ana kunyumba kudzadikirira odwala awo.

Ife a gulu la zaumoyo la mpingo timayendera midzi iwiriyi kamodzi pa mwezi, ndipo pali chinthu chimene tachiona mobwerezabwereza. Dokotala amaima pa bedi mphindi zochepa. Namwino amabwera ndi mankhwala n'kupitirira, chifukwa wodi ndi yodzaza ndipo iwo ndi ochepa. Amene amagwira wodwala usana ndi usiku ndi gadiyani. Ndiye amam'dyetsa, kum'sambitsa, kum'tembenuza, kum'perekeza ku chimbudzi, kuchapa zofunda ndi kukataya masanzi. Choncho nkhani yosamba m'manja m'chipatala ndi nkhani ya banja lililonse, chifukwa palibe banja limene silidzatumizako gadiyani.

Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'mayiko osauka ndi apakati, odwala 15 pa 100 aliwonse ogonekedwa m'chipatala amatenga matenda ena ali m'chipatala momwemo. M'mayiko olemera chiwerengerochi ndi 7 pa 100. Mwa anthu otenga matenda moteremu, mmodzi pa 10 aliwonse amamwalira nawo. Munthu amabwera ndi mwendo wothyoka, n'kudzavutika ndi bala lotukusira. Bungwelo linanenanso kuti matenda 70 pa 100 a mtunduwu akhoza kupewedwa ndi ukhondo wa m'manja pamodzi ndi njira zina zotsika mtengo. Tiyeni tiyende limodzi m'chipatalamu tione kumene manja athu amadutsa.

Pa geti

Minibasi imatitsitsa pa siteji, ndipo mtunda wotsalawo timayenda pansi kapena pa kabaza. Kunja kwa mpanda kuli kamsika: nthochi, mandasi, mtedza, nkhuni za m'mitolo ing'onoing'ono, makala a m'majumbo, ndi tomato wounjika. Aliyense wolowa amagulako kanthu kokam'patsa wodwala. Tisanalowe, ndi bwino kuwerengera zimene manja agwira chichokereni kunyumba: ndalama zamapepala zodutsa m'manja osawerengeka, chitseko cha minibasi, mpando wa kabaza, foni, ndi moni wa anthu onse amene takumana nawo panjira.

Pambali pa geti pali chitsulo cha miyendo itatu chonyamula ndowa ya mpopi. Ndowa zoterezi zinafala mu 2020, Covid-19 itafika m'dziko muno mwezi wa April. Masiku amenewo mlonda sankalola munthu kudutsa asanasambe. Kolera itabuka mu 2022, ndowa zija zinadzazidwanso. Mliri ukangochepa, anthu ambiri amaidutsa ndowayo ngati sakuiona. Koma tizilombo timene timavulaza wodwala wa m'wodi sitidikira mliri. Timakhalapo chaka chonse, ndipo ena mwa ito timakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa munthu wabwinobwino osam'dwalitsa. Timadzaopsa tikalowa m'bala kapena m'magazi a munthu wofooka. Mlendo wanzeru amasamba pa geti ngakhale palibe womukakamiza.

Kukhitchini ya magadiyani

Tikalowa timakhotera kumanja, kutsata kanjira kodutsa pamene pali zingwe zoyanikapo zovala. Khitchini ya magadiyani ndi chinyumba chachitali chakuda ndi mwaye, chokhala ndi mafuwa ambirimbiri m'mizere. Pano pamakumana amayi ochokera m'midzi yotalikirana, olankhula zinenero zosiyana, koma pakangotha masiku awiri amakhala ngati pachibale. Amapalana moto, kubwerekana mthiko ndi chipande, kugawana mchere. Wina akaitanidwa mwadzidzidzi kuwodi, mnzake amam'vundulira nsima. Wina akaferedwa, onse amasiya mapoto n'kumuperekeza ndi nyimbo mpaka kunyumba ya chisoni. Ndi malo amene munthu amaphunzirapo chifundo.

Ndi malonso amene matenda otsekula m'mimba amapezerapo njira. Mayi amene wangotaya kumene chidebe cha wodwala ndi yemweyo amene akukonza phala. Akasamba ndi madzi okha, manja amaoneka oyera, koma mafuta a pakhungu amasunga tizilombo. Sopo ndi amene amasungunula mafutawo, ndipo madzi oyenda amakokolola zonse.

Nkhani imene timakambirana kwambiri pano ndi ya beseni. Kwathu tinazolowera kusamba m'beseni limodzi tisanadye nsima, kuyambira wamkulu kutsirizira mwana. Ulemu wake ndi wabwino, koma womaliza amasamba m'litsiro la onse. Njira yothirirana siichotsa ulemu umenewu: wamng'ono amagwadabe, n'kuthira madzi ndi jagi kapena kapu, wamkulu akusamba ndi sopo, madzi akugwera m'beseni. Pomaliza wina amam'thirira nayenso. Madzi ake ndi ochepa kuposa odzaza beseni.

Mpopi ukauma, monga zimachitikira nthawi ya chilimwe, magadiyani amasunga madzi m'zigubu ndi m'ndowa. Chigubu cha kukamwa kwakung'ono ndi chabwino kuposa ndowa yotsegula, chifukwa palibe amene angaviikemo dzanja kapena kapu. Madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini pa mlingo umene alangizi a zaumoyo anena. Pafupi ndi zimbudzi za magadiyani, mpondagiya amathandiza kwambiri. Kapangidwe kake n'kosavuta: mitengo iwiri ya mphanda, mtanda pamwamba, kachigubu kobooledwa kopachikidwa pamtandapo, ndi chingwe chomangidwa ku kamtengo kopondapo. Ukaponda, kachigubu kamapendekeka, madzi n'kutuluka, manja osagwira kalikonse. Sopo amabooledwa pakati n'kumangidwa pa chingwe kuti asagwe m'matope.

M'wodi

Kuchoka kukhitchini timalowa m'khonde lalitali lopita ku mawodi. M'wodi mabedi ndi oyandikana, moti munthu akhoza kugwira mabedi awiri ataimirira pakati. Pa kabati kakang'ono pali kapu, supuni, fulasiki, buku la kuchipatala ndi foni. Mazenera amakhala otsekula, ndipo ndi bwino kuwasiya choncho, chifukwa matenda ena monga TB amayenda mumpweya. Koma matenda ambiri a m'chipatala sauluka. Amanyamulidwa ndi manja kuchoka pa bedi lina kupita pa lina.

Chimene chimasiyanitsa wodwala wa m'wodi ndi munthu wa kunyumba ndi chakuti khungu lake, limene ndi mpanda wa thupi, labooledwa. Pamkono pali kapaipi ka diripi kolowa mumtsempha. Pamimba pali bala la opaleshoni. Wina ali ndi paipi ya mkodzo, wina anapsa ndi moto, wina ali ndi zilonda za kugona nthawi yaitali. Malo onsewa ndi makomo otsekula. Kuwonjezera apo, thupi lafooka ndi matenda a shuga, HIV, khansa, ukalamba kapena kusowa zakudya. Tizilombo ta m'chipatala natonso n'tovuta, chifukwa takumana ndi mankhwala ambiri ndipo tina sitimvanso mankhwala wamba. Munthu akatitenga amafunika mankhwala odula, amene nthawi zina sapezeka pa chipatala cha boma.

Pakhoma pali chithunzi chimene WHO inafalitsa pamodzi ndi malangizo ake a 2009, chosonyeza nthawi zisanu zimene wogwira ntchito m'chipatala ayenera kuyeretsa manja. Nthawizi zikumukhudzanso gadiyani. Yoyamba ndi tisanam'gwire wodwala. Yachiwiri ndi tisanachite ntchito yofuna ukhondo, monga kum'dyetsa, kum'mwetsa mankhwala kapena kum'tsuka m'kamwa. Yachitatu ndi tikagwira magazi, mkodzo, chimbudzi, masanzi kapena makhololo. Yachinayi ndi tikamaliza kum'gwira wodwala. Yachisanu, imene ambiri amaiiwala, ndi tikagwira zinthu zomuzungulira: chitsulo cha bedi, zofunda, kabati, mtengo wa diripi. Bandeji ndi kapaipi ka diripi si za gadiyani. Zikanyowa, zikamasuka, kapena pamalopo pakafiira ndi kutupa, tiitane anamwino.

Pa tebulo la matayala limene anamwino amakankha pamakhala botolo la sanitayiza. Mankhwalawa amapha tizilombo mwachangu ngati ali ndi sipiriti wokwanira, magawo osachepera 60 pa 100, ndipo mlingowu umalembedwa pa botolo. Timathira odzaza pakati pa chikhatho, n'kutikita manja onse kwa masekondi 20 mpaka 30, mpaka aume okha. Kupukuta asanaume ndi kutaya mankhwala. Kusamba ndi sopo ndi madzi kumatenga masekondi 40 mpaka 60. Malo amene ambiri amawadumpha ndi zala zazikulu, nsonga za zala, pakati pa zala ndi kuseri kwa dzanja. Zikhadabo zikhale zazifupi. Tikatha kusamba tisapukute pa chitenje chimene tavala tsiku lonse. Ndi bwino kungogwedeza manja aume ndi mphepo.

Sanitayiza ali ndi malire. Manja akaoneka akuda, akagwira magazi kapena chimbudzi, tikachoka ku chimbudzi, kapena tikamasamalira wotsekula m'mimba, pamafunika sopo ndi madzi. Magolovesi nawonso salowa m'malo mwa kusamba. Golovesi imene yagwira wodwala mmodzi n'kukagwira wina yanyamula matenda ngati dzanja lopanda kanthu, ndipo ikavulidwa manja ayeretsedwenso.

Kuti botolo laling'onoli likhale pafupi ndi bedi, panali umboni. Pa chipatala chachikulu cha ku Geneva, m'dziko la Switzerland, dokotala Didier Pittet ndi anzake anaika mankhwalawa pamabedi ndi m'matumba a ogwira ntchito. Pakati pa 1994 ndi 1997, kuyeretsa manja pa nthawi yoyenera kunakwera kuchoka pa 48 kufika pa 66 pa 100, ndipo pofika 1998 matenda otengera m'chipatala anatsika kuchoka pafupifupi 17 kufika pafupifupi 10 pa odwala 100. Anthu sanasinthe mtima tsiku limodzi. Chimene chinasintha ndi chakuti choyeretsera manja chinali pomwepo pamene ntchito ikuchitikira.

Kumene ana amabadwira

Kumapeto kwa khonde kuli wodi ya amayi obereka. Abambo a m'gulu lathu amatsala panja, amayi okha ndi amene amalowa. Pabwalo pamakhala amayi a pa chidikiro atayala mphasa, ena akuluka, ena akuyendayenda atagwira m'chiuno. Nkhani yonse ya ukhondo wa m'manja m'zipatala inayambira m'wodi ngati imeneyi, ngakhale kuti kunali kutali ndi kuno.

M'zaka za m'ma 1840, chipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna, ku Austria, chinali ndi zigawo ziwiri zoberekera. M'chigawo choyamba munkagwira madokotala ndi ophunzira udokotala, m'chachiwiri azamba. M'chigawo cha madokotala amayi pafupifupi 10 pa 100 ankamwalira, ambiri ndi malungo aakulu obwera atangobereka. M'chigawo cha azamba ankamwalira pafupifupi 4 pa 100. Amayi a mumzindawo ankadziwa zimenezi, ndipo ena ankachonderera kuti asawagoneke kwa madokotala.

Dokotala wachinyamata wochokera ku Hungary, Ignaz Semmelweis, anafufuza kusiyanaku osapeza yankho, mpaka mu 1847 pamene mnzake Jakob Kolletschka anachekedwa ndi mpeni popima mtembo, n'kumwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amayi aja. Apa Semmelweis anaona kuti madokotala ndi ophunzira ankachoka kopima mitembo n'kupita kukayeza amayi, pamene azamba sankagwira mitembo. Mu May 1847 analamula kuti aliyense azisamba m'manja m'madzi a klorini asanayeze mayi. Mwezi wa April imfa zinali zitafika 18 pa 100. Pofika June zinatsika kufika pafupifupi 2 pa 100.

Madokotala ambiri a nthawiyo anakana kumva. Chiphunzitso chakuti tizilombo tosaoneka ndi maso timayambitsa matenda chinali chisanakhazikike, ndipo zinali zowawa kuvomereza kuti manja a munthu wophunzira ndi amene akupha amayi. Semmelweis anamwalira mu 1865 ali ndi zaka 47, ntchito yake isanalandiridwe. Anthu aja sanali ankhanza. Ankafuna kuchiritsa, ndipo manja awo ankaoneka oyera. Ndi mmenenso alili manja a agogo ndi azakhali amene amathamangira kudzanyamula khanda.

Mwana wobadwa kumene, makamaka wosakwana masiku, alibe mphamvu zolimbana ndi tizilombo, ndipo mchombo wake ndi bala lotsekula. Makolo athu ankasunga mayi ndi khanda m'chikuta mpaka mchombo utagwa, osalola aliyense kulowa. Pa mbali yochepetsa manja ogwira mwana, mwambowu unkateteza. Chimene tiyenera kusiya ndi kupaka pamchombo phulusa, dothi, mafuta kapena zitsamba. Pamchombo pazipakidwa zokhazo zimene azamba apereka. Wofuna kunyamula mwana ayambe wasamba ndi sopo, ndipo mayi asachite manyazi kunena kuti, "Agogo, madzi ndi awa, muyambe mwasamba kenaka mumuone mdzukulu wanu." Mwana akasiya kuyamwa, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mofulumira, kapena mchombo ukafiira ndi kununkha, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mayi amene watentha thupi kapena akutuluka zonunkha atabereka.

Kuseri, kumene kunali matenti

Kuseri kwa mawodi, pafupi ndi mpanda, kuli bwalo limene tsopano lamera udzu. Pamenepa panali matenti a odwala kolera. Mliri umene unayamba mu March 2022 m'boma la Machinga unafika m'maboma onse a dziko lino, unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Pa 5 December 2022 boma linalengeza kuti dziko lili pangozi ya zaumoyo, ndipo mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa.

Pamalo ngati amenewa malamulo ankatsatidwa mosanyengerera. Polowa ndi potuluka munthu ankasamba m'manja m'madzi a klorini ndi kupondamo nsapato. Gadiyani ankaloledwa mmodzi. Mitembo inkakonzedwa ndi a zaumoyo. Anthu ankamvera chifukwa imfa inkaoneka ndi maso, munthu wamphamvu kutha m'maola ochepa. Matenda otengera m'wodi saoneka choncho. Amabwera mwakachetechete patatha masiku angapo, ndipo abale amangoti matenda akula, osadziwa kuti ndi matenda ena atsopano.

Nthawi yoona odwala

Belu likalira, khonde limadzaza. Amabwera abale, anzawo a kuntchito, ndi magulu a mipingo, makamaka masana a Sabata ndi Lamlungu. Kuzonda odwala ndi ntchito yabwino, ndipo nkhope za odwala zimawala akaona anthu akwawo. Koma gulu limene likuyenda bedi ndi bedi, kupereka moni wa m'manja kwa aliyense, likhoza kulumikiza wodi yonse m'mphindi makumi awiri.

Chikhalidwe chathu chili ndi njira zina zaulemu zoperekera moni: kuwomba m'manja mofatsa, kuika dzanja pachifuwa, kuwerama pang'ono. Wodwala amalandira moni wotere ndi mtima wonse. Ngati tagwira dzanja la wodwala pomulimbikitsa kapena popemphera naye, tiyeretse manja tisanafike pa bedi lotsatira. Tisakhale pa bedi la wodwala kapena kuikapo zikwama. Amene ali ndi chimfine, chifuwa kapena kutsekula m'mimba atumize moni wake kudzera mwa ena. Makanda ndi ana aang'ono atsale kunyumba.

Pali chinthu china chovuta kwa ife Amalawi: kukumbutsa wogwira ntchito m'chipatala. Timaopa kuoneka amwano, timaopanso kuti wodwala wathu angasiyidwe. Anamwino ambiri amadziwa bwino za ukhondo kuposa ife, koma munthu amene akuthamanga pakati pa odwala ambiri akhoza kuiwala. Mawu aulemu amatheka: "Pepani anamwino, sopo ndi madzi tili nazo pano ngati mungafune musanatsegule balali." Ndipo vuto likakhala lakuti m'wodi mulibe madzi kapena sopo, mlandu si wa namwino. Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linapeza kuti theka la zipatala padziko lonse zilibe zosambira m'manja zokwanira pamalo othandizira odwala ndi ku zimbudzi. Nkhani zotere tizipita nazo kwa mkulu wa wodi, ku komiti ya chipatala, kwa makhansala ndi aphungu athu, chifukwa mpopi wogwira ntchito m'wodi ndi chithandizo chofanana ndi mankhwala.

Zonyamula m'chikwama

Wachibale akagonekedwa, timadziwa kale zolongedza: ufa, shuga, ndiwo, zitenje, bulangeti, poto ndi mbale. Pamndandandawu tiwonjezere mtanda wa sopo wodulidwa pawiri, chidutswa china cha kuchimbudzi, china cha pa chakudya. Tiwonjezere jagi yothirira madzi, chigubu chotsekeka, chowengera zikhadabo, ndipo ngati ndalama zilipo, kabotolo ka sanitayiza kokhala pa kabati ya wodwala. Chidebe cha zonyansa chikhale chosiyana ndi beseni lotsukira mbale. Gulu lililonse lokaona odwala likhoza kuika sopo m'mphatso zake, pambali pa nthochi ndi buledi. Posinthana magadiyani, wochokayo amuonetse wobwerayo pamene pali madzi ndi nthawi zosamba.

Tikabwerera kunyumba, ana amathamanga kudzatilandira ndi kulanda chikwama. Tiyambe tasamba ndi sopo, tisinthe zovala za kuchipatala n'kuziika kochapa, kenaka tiwanyamule. Pa 5 May chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira ukhondo wa m'manja m'zipatala, ndipo pa 15 October limakumbukira kusamba m'manja ndi sopo. Masiku amenewa ndi mwayi wabwino woti banja likhale pansi, liyeseze kusamba kwa masekondi 40 mwana wamng'ono akuwerenga mokweza, ndi kumanga mpondagiya pafupi ndi chimbudzi. Amene wazolowera kusamba kunyumba savutika kukumbukira tsiku limene adzakhale gadiyani.